Mbale zanga zakale za rock ndi synth-pop zachita chuku, ndizitsuke bwanji?

Mkulu_waChilobwe

Moni nonse. Ndatsitsa katoni ya mbale za galamafoni yomwe yakhala pamwamba pa wadirobu kuchokera pomwe ma CD anabwera, zambiri ndinkagula ndili pa ntchito ku Joni zaka za m'ma 80 ndikalandira pamapeto pa mwezi. Muli Dare ya The Human League, Speak & Spell ya Depeche Mode, Upstairs at Eric's ya Yazoo, Rumours ya Fleetwood Mac, Brothers in Arms ya Dire Straits ndi Blue Monday ya New Order ija ya chikuto chakuda. Ndangogwira zikutozo mtima wanga myaa, koma zina zachita chuku choyera m'mizeremu ndipo ndikaika pa makina zikungothetheka komanso mawu akukoka ngati oimbawo ali ndi tulo. Ndizitsuke ndi chani kuti ndisaziononge? Mwana wanga akuti zonsezi zili pa YouTube ndingotaya, koma ine ayi, ndikufuna ndizimvere momwe ndinkazimvera.

AChisale_Redio

Akulu musataye olo imodzi. Kukoka mawuko si mbale ayi, ndi lamba wa makinawo, labala akakhalitsa amatamuka mwinanso kusungunuka kumene nkumata, nde mbale siizungulira pa liwiro lake la maulendo 33 pa mphindi. Zulani chozungulira chija muone pansi, lamba watsopano sadula. Koma Blue Monday yo samalani, ija ndi single yaikulu ya mainchesi 12, imaimbidwa pa 45 osati 33.

Kutsuka musagwiritse sopo wochapira kapena madzi a pampopi chifukwa amasiya tizinthu m'mizere. Pezani madzi a distilled aja amathira mu batire ya galimoto, onetsetsani kuti si asidi, muthiremo kadontho kamodzi ka sopo wa mbale wamadzi, kansalu kofewa, muzipukuta mozungulira kutsata mizere osati mopingasa, pepala la pakati lija lisanyowe. Mutsukuluze ndi madzi omwewo opanda sopo, ziume pamthunzi zitaimirira. Timapepala tamkati tomwe tachita chuku titayeni apo ayi chibwereranso. Singano nayonso sinthani musanaimbe china chilichonse, yakutha imakumba mbale ndipo ikakumbika basi sibwerera. Posunga muziimika chilili, osasanjikiza, komanso kutali ndi malata otentha, zimapindika.

NaBanda_Sheffield

Bambo mwandikhudza ndi Dare. Ine ndimakhala konkuno ku Sheffield kwawo kwa The Human League, ndipo mbale imeneyi ndinaipeza mu shopu ya kaunjika pamtengo wa kapu ya tiyi. Inatuluka 1981. Atsikana awiri amaimba mmenemo, Joanne Catherall ndi Susan Ann Sulley, anali ana asukulu pomwe Philip Oakey, woimba wamkulu wa gululi, anawaona akuvina mu kalabu ya Crazy Daisy mtauni muno mu 1980 nkuwatenga. Mukamvetsera bwino mawu awo ndi a anthu wamba osaphunzira zoimba, ndipo ndi omwe amaipatsa mbaleyo moyo pakati pa makiyibodi ndi makina oimbira onse aja, ng'oma zake ndi za makina a Linn, palibe munthu akumenya.

Chomwe mwana wanuyo sakuchidziwa nchakuti Don't You Want Me ili kumapeto kwenikweni kwa mbali yachiwiri, Oakey sankaifuna nkomwe kuti ikhale single, koma ndi yomwe inakhala nambala wani pa Khirisimasi ya 1981. Pa foni munthu amangodumphira pomwepo, sakumana ndi Seconds kapena Darkness, pomwe pa mbale umayenda njira yonse, kudzuka kukatembenuza, kenako nkufika. Kwa ine Seconds ndiye nyimbo ya mbale imeneyo.

Ndipo muli ndi mwayi, Speak & Spell ndi Upstairs at Eric's muziimbe motsatana. Vince Clarke ndi amene analemba nyimbo zambiri za Speak & Spell mu 1981, anachoka mu Depeche Mode chaka chomwecho nkukapanga Yazoo ndi Alison Moyet, mbale yawo inatuluka 1982. Onsewa ndi a ku Basildon, tauni ya ku England. Mumva zala za munthu mmodzi yemweyo pa makiyibodi koma mawu a mayi aja ndi a blues enieni, olemera, amachita kukugwira pachifuwa.

Gitala_Basi

Ine achemwali ndikutsutsaniko pang'ono, za makinazi zimandizizira, ndimafuna ndizimva dzanja la munthu pa waya. Akulu yambani ndi Rumours. Anaijambula 1976 ku Sausalito ku America nkutuluka 1977, apo nkuti banja la John ndi Christine McVie likutha, Stevie Nicks ndi Lindsey Buckingham nawonso akusiyana, koma tsiku ndi tsiku amakumana mu situdiyo kuimbirana nyimbo zodandaulirana, pomwe bass imalowa yokha pakati pa nyimbo ya The Chain paja pamafunika sipika yaikulu osati foni.

Brothers in Arms yokha ndivomera kuti mbale imaperewera. Ya 1985 ija anaipanga akuganiza za CD, nde kuti ikwane pa mbale anadula nyimbo zingapo, Money for Nothing ndi Why Worry ndi zazifupi kusiyana ndi pa CD.

Mwana_waKitwe

Bakamba fufuzaninso bwino mu katonimo ngati mulibe za kwathu ku Zambia, poti ambiri omwe ankadutsa kuno ankatenga. Lazy Bones!! ya WITCH ndi Africa ya Amanaz zonse ndi za 1975, palinso za Paul Ngozi ndi Ngozi Family. Nthawi imeneyo a Kaunda analamula kuti wailesi iziimba kwambiri nyimbo zakuno, mabandi a rock anabadwa ambiri pa Copperbelt, gitala yokanda ija. WITCH yomweyo pofika 1980 pa Movin' On ndi 1984 pa Kuomboka inali italowa disco ya makiyibodi, kusintha komwe akukanganirana awiriwa kunachitikanso kuno. Zoyambirira zikusowa kwambiri, anthu akunja amazisaka, mukapeza musagulitse kwa munthu woyamba kukutchulirani mtengo.

Mkulu_waChilobwe

Zikomo kwambiri nonse. A Chisale munalondola, lamba anasungunuka wangotsala phala lakuda, ndatuma mphwanga akafunse kwa okonza mawailesi ku Limbe. Dare ndi Rumours ndatsuka kale zikuuma pakhonde. Za ku Zambia mulibe achimwene, koma pansi penipeni ndapezamo Architecture & Morality ya gulu la OMD (Orchestral Manoeuvres in the Dark) yomwe ngodya imodzi yapindika pang'ono, kodi imeneyi ingaongoke kapena ndingoisiya choncho?