Za stoo ndi galaja ya ku Chilomoni

Achimwene Joni: Mwaswera bwanji nonse. Nkhani ija ndinayamba ndi mayi pa foni ndati ndiibweretse pano aliyense amve. December ndikubwera pamsewu ndi Hilux ndipo pobwerera ndiisiya konko izithandiza za kumunda ku Lunzu, nde galaja ija ikufunika tiikuze galimoto isanafike. Mzime unayeza?

Mzime: Ndayeza mmawa achimwene, mulitali mamita 4.9 mulifupi 2.7. Koma panopa ngakhale njinga simungalowetse, muli matumba a chimanga 23, makasu, wilibala, mipando ya pulasitiki ija, mapoto akuluakulu a pamaliro ndi bokosi la zipangizo za malemu bambo

Achimwene Joni: Hilux ya double cab ndi 5.3 kutalika, singalowe. Mulifupinso pa 2.7 chitseko chitseguka mbali imodzi yokha. Bambo anamanga poyezera Corolla yawo ija

Achemwali UK: Pepani achimwene ndilowererepo. Galaja sindikukana ayi koma choyamba chikhale stoo kuseri. Mvula yathayi madzi analowa pansi pa geti la galaja matumba apansi onse ananyowa, mayi anatha sabata akuyanika chimanga pakhonde msana ukuwawa, ndiye tikayambe kumangira galimoto chakudya chili pamadzi? Komanso mukagumula khoma lakutsogolo katundu yenseyo mukamuika kuti

Amayi: Zoona mwanangu. Matumba atatu anachita chuku ndinangotaya. Makoswenso akulowera pa geti pomwepo

Achimwene Joni: Ndamva achemwali, koma galimoto yogona panja ku Chilomoni mukudziwa nokha za mabatire ndi magalasi

Azakhali Zomba: Mpanda ulipo, galu alipo. Miyezi ingapo ingagone pabwalo mwanawe. Chimanga sichingadikire

Malume: Ana inu ndawerenga zonse. Ndinali komweko Lamlungu ndipo ndinazungulira pakhomo ponse, ndiye mundimve. Tili kumapeto kwa September, mvula yoyamba tiyembekezere November. Ntchito ziwirizi pamodzi sizingathe nthawi imeneyi, ndipo choopsa ndi kugumula galaja mvula nkutipeza khoma lili pululu. Stoo ndi ntchito ya masabata atatu kapena anayi ngati katundu alipo. Tiyambe imeneyo, katundu atuluke mgalaja, galajayo tiigwire April mvula ikatha.

Malume: Chinanso, galaja simungaikuzire kumbuyo chifukwa kuli septic tank, pamwamba pake sipamangidwa, tsiku lopopa mudzalira. Ikuzidwe kutsogolo mamita 1.6 kuti ifike 6.5, mbali ya kumpanda tionjeze kuti mulifupi mukhale 3.5. Kutsogoloko kukudutsa paipi ya madzi yochokera pa mita. Paipi ya mkati mwa mpanda pulambala akhoza kusuntha, koma mita yeniyeniyo musaikhudze ndi ya Water Board, ngati ikufunika kusuntha tikawauze okha. Ndipo popeza tikusendera kumsewu pakufunika pulani ipite ku khonsolo ya mzinda avomereze, stoo ijambulidwe pa pepala lomwelo. Anthu amanyozera zimenezi kenako amadzaona chizindikiro chofiira pakhoma

Achimwene Joni: Chabwino malume ndagonja, stoo iyambe. Koma April isadzasanduke chaka chamawa chinacho chonde

Malume: Mzati wake ndi iweyo, ukatumiza simenti ntchito iyenda

Achemwali UK: Stoo yake ikhale yaikulu bwanji malume

Malume: Mamita 4 kwa 3 yakwana. Pansi tikweze ndithu, masitepe awiri kuchokera padothi, chifukwa malo aja ndi otsetsereka madzi ochokera ku Michiru amadutsa ndi mphamvu, munaona nokha nthawi ya Freddy mu March 2023 mmene mipanda inagwera mu Blantyre muno. Kumtunda kwake tikumbe ngalande madzi azilambalala. Mmaziko tithire mankhwala a chiswe tisanathire konkire, pansi pa silabu pulasitiki wakuda uja, pa mzere woyamba wa khoma DPC, pepala lotchinga madzi lija, kuti chinyezi chisakwere. Mazenera akuluakulu ayi, timabowo ta mpweya mmwamba mbali ziwiri totchinga ndi waya wa sefa kuti khoswe asalowe. Chitseko chachitsulo chofika pansi penipeni. Matumba asagone pasimenti, akhale pa mapaleti ndipo asatsamire khoma

Mzime: Timange ndi njerwa kapena mabuloko? Ndinamva kuti njerwa zootcha analetsa

Malume: Lamulo la 2018 lija la bungwe la zomangamanga la NCIC linaloza zomanga za boma ndi za mabizinesi, pakhomo anthu akumangirabe. Koma ine ndikuti mabuloko. Njerwa za masiku ano zambiri nzosapsa, ukaigwetsa imangoyoyoka, zimadya simenti yambiri pomanga ndi populasitala, komanso taonani mmene mapiri ayerera chifukwa cha nkhuni za mauvuni. Buloko ya 400 kwa 200 imalowa 12 ndi theka pa sikweya mita, makoma athu akakwera 2.4 tikufuna pafupifupi 400, tigule 480 kuphatikiza za mmaziko ndi zosweka panjira. Mzime ukapita kogula ukande ndi msomali, ikamayoyoka usatenge, ndipo zoumba dzulo ayi

Amayi: Achimwene ine ndili ndi pempho. Muikepo kakhonde kutsogolo kwake ndiziphikirapo nyemba ndi thobwa pankhuni mvula ikamagwa. Pano ndimathawira pansi pa mango utsi uli mmaso

Malume: Zimenezo nzosavuta achemwali. Denga likhale lotsetserekera mbali imodzi, mmalo mwa malata a mafiti 12 tigule a mafiti 18 apitirire mpaka pakhonde, mizati iwiri yachitsulo basi. A IBR 7 akwana. Geji 28, osati 32 zija zimachita kupindika ndi mphepo. Moto uzikhala chakumapeto kwa khonde kutali ndi chitseko

Azakhali Zomba: Mwatchula mango ndakumbuka. Mtengo umenewo anadzala ndi mchimwene wanga chaka chomwe analowa mnyumbamo, chonde musaudule. Ndikabwera ndimakhala pamenepo

Mzime: Azakhali malo omwe malume analoza ali pafupi nawo kwambiri, ndayeza kuchoka pa thunthu ndi mita imodzi ndi theka, mizu ina ikuonekera pamwamba yonenepa ngati mkono

Malume: Apo ndiye pafupi zedi, mizu idzang'amba silabu ndipo mango akamagwera pamalata usiku achemwali sadzagona. Tisunthire kumene kuli khola la nkhuku, kholalo lipite pansi pa mtengo nkhuku zikapeze mthunzi. Tingosadza nthambi imodzi yoloza kumeneko. Tisiyenso mpata pakati pa stoo ndi mpanda woti munthu nkudutsa, madzi a padenga asamagwere kwa aneba

Azakhali Zomba: Zikomo bambo, mtima wakhala pansi

Achemwali UK: Tsopano za ndalama. Ine maganizo anga tisalonjeze makwacha, tilonjeze katundu. Mukukumbuka November 2023 kwacha itagwa ndi 44 peresenti, ndalama tinasonkha za mpanda zinangosungunuka mmanja kotesheni ya Lolemba pofika Lachisanu inali itasintha. Aliyense anene kuti ine matumba akuti, ine malata, ndalama ikafika tsiku lomwelo katundu agulidwe risiti ijambulidwe iponyedwe pano

Achimwene Joni: Ndagwirizana nazo. Simenti ikufunika ingati malume

Malume: Ndawerengera matumba 40 a 50kg, maziko, silabu, kumanga, ring beam (konkire wozungulira pamwamba pa makoma) ndi pulasitala mkati ndi kunja. Koma musagule onse kamodzi simenti ikakhalitsa imauma, tiyambe ndi 20. Kwale tipa imodzi yaing'ono, mchenga wa kumtsinje wa konkire, wa kudambo wa pulasitala, brickforce, waya wolimbitsa khoma uja, mizere itatu iliyonse

Achimwene Joni: Simenti yonse 40 ndi mabuloko ndi zanga. Nditumiza pa Mukuru Lachisanu ndikalandira

Achemwali UK: Ine malata, matabwa, misomali, chitseko ndi mizati. Matabwa apakidwe mankhwala a chiswe asanakwere chonde

Azakhali Zomba: Ine mphamvu zachepa koma mchenga ndilipira, ndiponya pa Airtel Money ya mzime. Ndibweretsanso nyemba ndi ufa za amisiri

Mlamu: Moni nonse ndinali kuntchito ndangowerenga pano. Ife kuno tionjezerapo matumba a PICS 25 kuti chimanga chikamalowa mu stoo yatsopano chisinthidwe, amene aja anankafumbwe amafera mkati osathira mankhwala bola kumanga bwino mapulasitiki onse awiri. Koma chiyambe chayanikidwa chiume gwa

Amayi: Ambuye akudalitseni apongozi. Chimanga chauma kale ndinaluma dzulo

Mzime: Ine ndalama ndilibe koma ndikhala kapitawo, kulandira katundu, kuwerenga matumba madzulo aliwonse ndi kuthirira silabu. Nanga mmisiri titenge uja anamanga mpanda?

Achemwali UK: Ayi ameneyo ayi. Matumba a simenti ankasowa ndipo pulasitala wake wayamba kale kusupuka

Malume: Ndili naye wina amene anandimangira kuno, dzanja lake ndi labwino ndipo samwa pantchito. Ndibwera naye Loweruka aone malo atipatse mtengo wa leba. Tidzamulipira mzigawo, akamaliza maziko, akafika pa ring beam, akafolera, yotsala akamaliza pulasitala. Yonse pamodzi ayi. Mzime silabu ikathiridwa uzithirira mmawa ndi madzulo masiku 7 osadumpha, dzuwa la October limang'amba konkire, udzadze madiramu awiri aja akhale pambali

Achimwene Joni: Leba tigawana ine ndi achemwali pakati. Malume wojambula pulani mumupeze sabata yomweyino, ajambuliretu ndi galaja yomwe 6.5 kwa 3.5 ndi geti lokwera bwino chifukwa galimoto ili ndi zitsulo pamwamba

Malume: Ndimuimbira mawa. Unditumizire kutalika kwake kuchoka pansi mpaka pa zitsulozo

Achimwene Joni: Ndiyeza ndikaweruka

Mzime: Khola ndisuntha Lachinayi ndi anyamata awiri a pa mpingo, Loweruka mupeza pamalo poyera. Mayi nkhuku yofungatira ija titani

Amayi: Imeneyo ndiika mdengu kukhitchini. Achimwene Loweruka mufike mmawa ndi mmisiriyo, masana ndili ku mvano