Kodi filimu yooneka ngati maloto imajambulidwa bwanji?

Chisomo wa ku Chilenje:
Akuluakulu, ndithandizeni. Tikukonza kafilimu ka surrealism (luso loonetsa zinthu ngati za m'maloto) ka mphindi 10, kamera imodzi, ndalama zochepa. Mtsikana akuyenda mu Soweto Market, koma zonse zikhale ngati akulota. Tiwonjezere utsi ndi mitundu yachilendo pa kompyuta?

A Tembo:
Mwanawe, utsi ndi mitunduyo zisiyeni. Zikangooneka, woonera amadziwiratu kuti awa ndi maloto, mantha n'kuthera pomwepo. Wolota sadziwa kuti akulota. Jambulani msika mmene ulili, tomato, mawilibala, fumbi, kenaka muikemo chinthu chimodzi chokha chosatheka, ndipo osewera asachidabwe ngakhale pang'ono. Mu I Am Not a Witch ya 2017, Rungano Nyoni, wobadwira muno mu Lusaka, anamanga amayi onamiziridwa ufiti ndi timalamba toyera tatalitali kumsana, koma anthu a mufilimumo amationa ngati ta masiku onse. N'chimene chimabaya mtima.

Mai Banda:
A Tembo anena zoona. Ndiwonjeze za kalumikizidwe ka zithunzi. Mu Un Chien Andalou ya 1929, Luis Buñuel ndi Salvador Dalí anaonetsa kamtambo kakudutsa pa mwezi, kenaka lumo likudula diso. Linali diso la mwana wa ng'ombe wakufa, koma poti mayendedwe akufanana, maso amakhulupirira. Inunso mtsikanayo atsegule chitseko kunyumba, phazi likatere ali mumsika. Kamera ikhale pa tripod (choimikapo kamera cha miyendo itatu), msinkhu umodzi, lens (galasi la kutsogolo kwa kamera) imodzimodzi malo onse awiri, ndipo mudule phazi lili m'mwamba, lisanaponde. Chimalakwika kawirikawiri ndi kuwala: kunyumba kukachokera kumanzere, kumsika kumanja, msoko umaonekera.

Mjambuli wa ku Matero:
Magetsi athu ndi a 50 Hz, kutanthauza kuti amasinthasintha ka 50 pa sekondi, ndiye kuti kamera igwirizane nawo jambulani pa 25, 50 kapena 100 fps (zithunzi pa sekondi). Mukaika 60 pansi pa machubu a magetsi, chithunzi chimaphethira. Za pa 50 mukaziseweretsa pa 25, anthu amayenda theka la liwiro lawo.

Yesaninso ichi: mtsikanayo ayende chafutambuyo pang'onopang'ono, wina akumuuza njira, ndiye chithunzicho muchiseweretse chobwerera m'mbuyo. Iye adzaoneka akupita kutsogolo, msika wonse ukubwerera m'mbuyo. Phokoso la msika mulichotseretu, muike kusinja kwa mtondo komwe mwajambula padera. Ndipo muyambe mwapempha kwa akomiti ya msika, amayi ogulitsa sakonda kamera yongowadzidzimutsa.