Chimbale cha Wes Montgomery pa R900, ndigule kapena ndisiye?

Nsambo6: Akuluakulu ndithandizeni. Ndapeza Smokin' at the Half Note, chimbale cha Wes Montgomery, woimba gitala wa jazi, pa shopu ina ya zimbale zakale kuno ku Johannesburg. Mwini wake akuti ndi orijino ya kampani ya Verve ya 1965, akufuna R900. Chikuto chake chadyeka m'makona koma chimbalecho chikuwala. Ndigule?

Wa ku Ndirande: R900 nyimbo zisanu? Achimwene, kumudzi feteleza mwagula kale?

Mkulu wa Jazi: Musamvere ameneyo. Ine changa ndinagula ku London mapaundi 60, ndipo sindinadandaulepo. Nyimbo ya No Blues yokha imadutsa mphindi 12, Wes akungokwera, Wynton Kelly pa piyano, Paul Chambers pa besi, Jimmy Cobb pa ng'oma. Zimbale za Wes ndili nazo 14 pa shelefu.

Wa ku Ndirande: Palibe wakufunsani za shelefu yanu, bwana.

Mai a Awiri: Ine zimbale zakale ndinalapa. Munthu wina anandigulitsa cha Wes chomwechi, akulumbira kuti sichinagundepo singano. Kufika kunyumba, mbali yachiwiri ikungothetheka ngati mbuliuli m'chiwaya, kenaka singano n'kumangobwerera pamalo amodzi. Kumuimbira foni, nambala yosapezeka. Mpaka lero mtima umandiwawa.

Nsambo6: Pepani mayi. Ndiye ndingadziwe bwanji kuti n'chenicheni?

Mkulu wa Jazi: Chipendekeni pa kuwala, muyang'ane pafupi ndi lebulo. Pazikhala dzina lodinda loti VAN GELDER, la katswiri wojambula mawu. Koma chonsecho anajambulira mu kalabu ya Half Note ku New York, mumva anthu akuwomba m'manja.

Chidzukulu: Ayi akulu, pamenepo mwaphonya. Za mu kalabu ndi ziwiri zokha za mbali yoyamba. Unit 7, Four on Six ndi What's New anakajambulira ku situdiyo ya Van Gelder ku New Jersey. Zimbale 14 koma osawerenga kuseri kwa chikuto?

Mkulu wa Jazi: Mwana iwe.

Chidzukulu: Komanso ngati mukufuna kumva chala chachikulu chija bwinobwino, yambani ndi The Incredible Jazz Guitar ya 1960, ya Riverside. Wes sankagwiritsa ntchito kapulasitiki kolizira gitala, ankakhudza nsambo ndi chala basi, n'chifukwa chake gitala wake amamveka wofewa choncho. Masana ankawotcherera zitsulo ku Indianapolis, usiku n'kumakaimba. CD yake ndinaipeza R80.

Wa ku Ndirande: Pa YouTube n'zaulere. Bandulo ya tsiku limodzi, mwamaliza.

Gitala Wosweka: Ine Wes ndimamukonda wa A Day in the Life, ya 1967 ija ya mavayolini. Imakoma poyendetsa galimoto.

Mkulu wa Jazi: Imeneyo ndi nyimbo ya m'chipinda chodikirira dokotala wa mano.

Gitala Wosweka: Koma ndi imene inamudyetsa. Anali ndi ana oti awalere, ndipo chaka chotsatira, 1968, anamwalira ndi mtima ali ndi zaka 45 zokha. Mumafuna afe ndi njala kuti inu musangalale?

Mai a Awiri: Gulani Breezin' ya George Benson, imapezeka paliponse motchipa, ndipo alendo akabwera amaidziwa.

Nsambo6: Ndabwererako. Dzina la VAN GELDER sindinalione, iye akuti maso anga ndi amene ali ndi vuto. Watsitsa kufika R700.

Chidzukulu: Siyani.

Mkulu wa Jazi: Gulani, mawa simuchipeza.

Wa ku Ndirande: Funso limodzi. Choimbira zimbale muli nacho?

Nsambo6: Ndikuyembekezera cha alamu anga, singano yake inathyoka.