Kodi ndi mipando yomwe yapha msangala m'mabwalo a mpira, kapena ndi mtengo wa matikiti?

Kalondolondo:

Moni nonse. Ndabwera ndi funso lomwe lakhala likundizunguza mutu, ndipo ndikupempha maganizo a inu amene mwatsatira mpira wa ku England ndi ku Germany kwa zaka zambiri kuposa ine. Masapota achikulire amadandaula kuti mabwalo a masiku ano ali zii, kuti anthu amangokhala pamipando n'kumaonerera mwakachetechete, ndipo mawu awo amamveka pokhapokha timu ikagoletsa kapena woyimbira masewero akalakwitsa. Ena amaloza chala mipando, ponena kuti chithetsereni malo oimirira m'maligi awiri akuluakulu a ku England, moyo wa m'bwalo unazilala. Ena akuti mipando ilibe mlandu, koma mtengo wa matikiti ndiwo unathamangitsa achinyamata ndi anthu opeza movutikira, omwe ndiwo ankayambitsa nyimbo.

Chandichititsa kufunsa tsopano n'chakuti malo oimirira anabwereranso, aja okhala ndi chitsulo chotsamira pamzere uliwonse. Manchester United, Manchester City, Chelsea, Tottenham ndi Cardiff City ndiwo anayamba kuwayesa mu Januwale 2022, ndipo makalabu ena anatsatira pambuyo pake. Komabe ndikamamvetsera masewero a matimu amenewa, khutu langa silikundiuza kuti zinthu zasintha kwenikweni. Bwalo latsopano la Tottenham lili ndi mbali ya kummwera yolowa anthu 17,500, yomwe anaimanga mosadukiza kuchokera pansi mpaka pamwamba ndi cholinga choti phokoso lizisonkhana malo amodzi, koma pali masiku ena omwe alendo ochepa okhala pakona amamveka kuposa eni bwalo. Ngati vuto linali kukhala pansi, bwanji kuimirira sikunalithetse?

Gogo Wampira:

A Kalondolondo, funso lanu ndi labwino, koma tisanaweruze mipando tiyenera kukumbukira chomwe chinaibweretsa, chifukwa achinyamata ambiri amalankhula za malo oimirira akale ngati kuti kunali kusangalala kokhakokha. Pa 15 Epulo 1989, pa masewero a Liverpool ndi Nottingham Forest mu ndime ya matimu anayi ya FA Cup pa bwalo la Hillsborough ku Sheffield, anthu anapanikizana m'zigawo zotchingidwa ndi mipanda yachitsulo, ndipo chiwerengero cha omwe anataya miyoyo chifukwa cha ngozi imeneyo chinafika 97. Kafukufuku yemwe anatsogolera woweruza Peter Taylor anapeza kuti gwero lalikulu linali kulephera kwa apolisi kuyendetsa bwino khamu, ndipo mu 2016 bwalo lofufuza za imfazo linagamula kuti masapota analibe mlandu. Lipoti lomaliza la a Taylor la mu 1990 ndilo linalimbikitsa kuti mabwalo akhale a mipando yokhayokha, ndipo makalabu a m'maligi awiri apamwamba anapatsidwa mpaka 1994 kuti akwaniritse zimenezi.

Pali mfundo imodzi ya mu lipotilo yomwe makalabu anaiiwala msanga kwambiri. A Taylor anaona kuti mipando ingathe kukweza mtengo, ndipo analangiza kuti mitengo ikonzedwe mwa njira yoti mipando yotsikitsitsa ikhale yofikirika kwa anthu omwewo amene ankalipira poimirira. Makalabu anatenga gawo lonena za mipando chifukwa linali lamulo, koma gawo lonena za mtengo analisiya chifukwa linali langizo chabe. Mu 1992 Premier League inayamba, ndalama za wailesi yakanema zinalowa, mpira unakhala chinthu chosiririka kwa anthu a m'matumba olemera, ndipo popeza bwalo la mipando limalowa anthu ochepa kuposa la oimirira, mpando uliwonse unasanduka katundu wosowa. Choncho yankho langa n'lakuti zinthu ziwiri mwatchulazi sizisiyanitsika, chifukwa mipando ndiyo inatsegulira khomo mitengo.

Komanso mpando unasintha chinthu china chomwe sitimachitchula kawirikawiri. Kale anthu okonda kuimba ankafika msanga n'kudziunjika okha kuseri kwa golo, ndipo wosafuna phokoso ankangosuntha n'kupita pambali. Lero tikiti ili ndi nambala, moti anzanu asanu omwe mukanaimba nawo amwazikana m'bwalo lonse, ndipo inu mukayamba nyimbo muli nokha pakati pa anthu osakudziwani, imafera pakamwa. Dandaulo limeneli si latsopano ayi. Mu 2000 Roy Keane, ali kaputeni wa Manchester United, anadzudzula poyera anthu a m'zipinda za alendo olemekezeka pa Old Trafford kuti amabwera kudzadya ndi kumwa osadziwa chomwe chikuchitika m'bwalo.

NaJere:

Ndikuvomereza mbiri yomwe Gogo afotokoza, koma ndikupempha kuti tisamalankhule ngati kuti sapota weniweni ndi mnyamata wa mphamvu zake yekha. Mipando inalowetsa m'bwalo anthu ambiri omwe kale ankaopa kupitako, monga amayi, ana aang'ono, okalamba ndi anthu olumala, ndipo amenewa amakonda timu yawo mofanana ndi wina aliyense ngakhale sakuwa kwa mphindi 90. Mayi wopita ndi mwana wa zaka zisanu ndi ziwiri amafuna kudziwa kuti mwanayo aona masewero, osati misana ya anthu, ndiponso kuti chigoli chikalowa sakankhidwira kutsogolo. Chomwe chinkandipweteka m'zaka zomwe kuimirira kunali koletsedwa n'chakuti anthu ankaimirirabe pakati pa mipando, zomwe zinali zoopsa kwambiri chifukwa msana wa mpando umafika m'miyendo ndipo munthu akakankhidwa amagwera pa mnzake wa kutsogolo. Pa chifukwa chimenechi ndimaona kuti zitsulo zotsamira ndi zabwino kwa onse, popeza woimirira amadziwa kopita ndipo wofuna kukhala pansi sakangananso ndi munthu.

Koma dandaulo langa lili pa kusamutsa anthu. Kalabu yomwe ndinali ndi tikiti yake ya sizoni yonse inatilembera kalata kuti chigawo chathu chisanduka cha alendo olipira ndalama zambiri, omwe amalandira chakudya asanaonere masewero, ndipo tinauzidwa kusankha pakati pa kulipira mtengo watsopano kapena kupita kumalo ena akutali. Anthu omwe tinakhala nawo mzere umodzi kwa zaka zambiri, omwe tinkadziwana mayina a ana ndi matenda a makolo, tinabalalika mosatsanzikana n'komwe. Akuluakulu a kalabu akamayang'ana mapu a bwalo amaona manambala a mipando, ndipo saona kuti asokoneza chinansi chomwe sichimangika m'sizoni imodzi. Taonani zomwe zinachitikira masapota a West Ham pomwe anachoka ku Upton Park kupita ku London Stadium mu 2016. Bwalo latsopanolo ndi lalikulu ndithu, koma linamangidwira masewero a Olimpiki a mu 2012, motero anthu ali kutali ndi osewera, ndipo sizoni yoyamba kunali mikangano pakati pa masapota a timu imodzi yomweyo chifukwa oimba ndi okhala pansi anasakanizidwa mosaganizira.

Wamasamu:

Mayi NaJere, pepani ndi zomwe zinakuchitikirani, koma lolani ndilankhuleko mbali ya makalabu, chifukwa pano palibe amene akuiyankhulira. Masapota omwewo amene amafuna matikiti otsika mtengo ndiwo amafunanso kuti kalabu igule osewera apamwamba chaka chilichonse, ndipo malamulo a zachuma a UEFA (bungwe loyendetsa mpira ku Ulaya) ndi a Premier League amamangirira zomwe kalabu ingawononge ku zomwe imapeza. Arsenal sinachoke ku Highbury, komwe kunkalowa anthu pafupifupi 38,000, kupita ku Emirates ya anthu 60,000 mu 2006 chifukwa chodana ndi mbiri yake, koma chifukwa inkafuna kupikisana ndi Manchester United pa ndalama za pakhomo. Mipando ya alendo olemera yomwe tikuinenayi imabweretsa ndalama zochuluka kwambiri poyerekeza ndi malo omwe imatenga, ndipo wina angathe kunena kuti ndiyo imathandiza kuti mipando ina isakwere mopitirira. Kuwonjezera apo, mabwalo ambiri a Premier League amadzaza sabata ndi sabata, ndipo pali mndandanda wautali wa anthu odikira tikiti ya sizoni, ndiye n'kovuta kuuza mwini kalabu kuti wakweza mopyola pomwe makasitomala akukanganirana pakhomo.

Msapota wa Khoma Lachikasu:

Achimwene Wamasamu, mawu akuti makasitomala ndiwo atisiyanitsa. Munthu wogula katundu akaona kuti mtengo wakwera amapita kwina, koma sapota sangasinthe timu, ndipo eni makalabu amadziwa bwino kuti akugulitsa kwa munthu wopanda kothawira. Kudzaza kwa bwalo sikutiuza kuti alowamo ndani. Mlendo wochokera kutali amene wabwera kamodzi pa moyo wake adzalipira chilichonse, adzagula jezi ndi kujambula zithunzi, ndipo sindikumuda, koma sadziwa nyimbo ndipo sadzabweranso usiku wozizira timu ikamachita zofooka.

Tsopano ndiyankhe funso la a Kalondolondo mwachindunji, chifukwa yankho lake lili m'masamu omwewo. Ku England malo oimirira atsopanowa amaloledwa pa lamulo lakuti munthu mmodzi atenge malo a mpando umodzi, ndipo tikiti ikhalebe ndi nambala. Ndiye kuti chiwerengero cha olowa sichikwera, kalabu ilibe chifukwa chotsitsira mtengo, ndipo anthu omwe anali pamalopo dzulo ndi omwewo ali pamenepo lero, kungoti aimirira. Ku Germany zinthu n'zosiyana. Bwalo la Borussia Dortmund limalowa anthu oposa 81,000 pa masewero a ligi, koma likasinthidwa kukhala la mipando yokhayokha limatsikira pa anthu pafupifupi 66,000. Mbali yake ya kummwera yokha imatenga oimirira pafupifupi 25,000, ndipo popeza anthu ambiri amagawana malo ochepa, tikiti ya pamenepo imakhala yotsika moti wophunzira kapena wantchito wamba amaikwanitsa. Phokoso lomwe timalisirira pa kanema limachokera kwa anthu amenewo, omwe amakumana pamalo omwewo masewero aliwonse.

Sizinangochitika mwamwayi. Lamulo la 50+1 limasunga mavoti ochuluka m'manja mwa mamembala m'makalabu ambiri a ku Germany, ndipo masapota akumeneko amadziwa kugwiritsa ntchito mphamvu zawo. Kumapeto kwa 2012 anakhala chete kwa mphindi 12 ndi masekondi 12 kumayambiriro kwa masewero potsutsa ndondomeko yatsopano ya chitetezo, kuti aliyense amve momwe mpira umakhalira opanda iwo. Kumayambiriro kwa 2024 anaponya timipira ta tenisi m'mabwalo sabata ndi sabata mpaka ligi inasiya pulani yogulitsa gawo la ndalama za kanema kwa kampani yoika ndalama. Ngakhale ku England zoterezi zinapindulapo. Mu Febuluwale 2016 masapota zikwizikwi a Liverpool anatuluka mu Anfield pa mphindi ya 77 ya masewero ndi Sunderland pokana tikiti ya mapaundi 77, timu yawo ikutsogola 2-0, ndipo masewerowo anathera 2-2. Pasanathe sabata eni kalabu anapepesa ndi kubweza mtengowo. Mwezi wotsatira makalabu a Premier League anagwirizana kuti tikiti ya sapota woyenda ndi timu kukasewera koyenda isapitirire mapaundi 30. Apa ndi pomwe pali chinsinsi cha alendo a pakona omwe a Kalondolondo akuwamva. Tikiti yawo ndi yotsika, ambiri ndi odzipereka omwe amayenda ndi timu kulikonse, ndipo amaikidwa pamodzi m'chigawo chimodzi.

Ponena zoti mipando ya olemera imateteza mipando ya osauka, ndikanakhulupirira zikanakhala kuti mitengo ya wamba imaima pamene zipinda zapamwamba zikuchuluka. Koma chakumapeto kwa 2024 Manchester United inakweza matikiti otsala a sizoniyo kufika pa mapaundi 66 ndi kuchotsa kuchotsera kwa ana ndi okalamba pa matikiti amenewo, ngakhale bwalo lake ndi lalikulu kuposa la kalabu ina iliyonse ku England. Mwana amene sanalowe m'bwalo ali ndi zaka khumi, sadzakhala woyambitsa nyimbo akadzafika zaka makumi awiri.

Kalondolondo:

Zikomo kwambiri nonse, makamaka pa mfundo ya munthu mmodzi pa malo a mpando umodzi, yomwe yandimasulira chifukwa chomwe zitsulo zotsamira sizinasinthe anthu olowa m'bwalo. Komabe a Wamasamu sanayankhidwe mokwanira pa nkhani ya mpikisano, chifukwa Bayern Munich yatenga ligi ya ku Germany pafupifupi chaka chilichonse kuyambira 2013, kupatula mu 2024 pomwe Bayer Leverkusen inapambana, ndipo ena anganene kuti ndiwo mtengo wa dongosolo lomwe tikuliyamikirali. Ndikufuna kumva kwa Gogo kapena kwa mayi NaJere ngati angavomere kuti timu yawo igule osewera ochepa, malinga chigawo chimodzi chonse cha kuseri kwa golo chikhale cha mtengo wotsika, chopanda manambala, ndiponso chosungidwira achinyamata a zaka zosakwana 25.