Tingateteze bwanji malo a boma kwa makampani akunja a migodi?

Abale ndi alongo, ndithandizeni nzeru. Kampani yakunja ikapatsidwa chilolezo chofufuza miyala pamalo a boma, monga nkhalango yotetezedwa, anthu wamba tingachitepo chiyani chilolezo chokumba chisanatuluke?

Nkhawa yanga yaikulu ndi madzi. Miyala ina ikafukulidwa n'kukumana ndi mpweya komanso mvula, imatulutsa asidi amene amapitiriza kulowa m'mitsinje ngakhale mgodi utatsekedwa kalekale, eni ake atabwerera kwawo.

Lamulo palokha sindilidalira kwenikweni. Mwachitsanzo, dziko la El Salvador linaletsa migodi ya zitsulo mu 2017, koma mu 2024 aphungu analifafaniza lamulolo.

Ndiye lipoti lounika mmene ntchitoyo idzakhudzire chilengedwe munthu amakalipempha kuti? Alipo anayesapo kukalitsutsa kukhoti? Nanga ndalama zodzakonzera malowo, ndani angakakamize kampani kuzisungitsa isanayambe kukumba?