Rauta yanji ingafike mpaka ku boyizi kota? Nyumba ya njerwa zootcha, Area 25

Nachisale_25

Moni nonse. Ndithandizeni nzeru ndisanataye ndalama. Kwa zaka ziwiri takhala tikudalira ka MiFi, kachipangizo kakang'ono ka batire kolowetsa SIM n'kugawa Wi-Fi, koma tsopano batire yake yafufuma moti chivundikiro sichikutsekekanso. Ndikufuna rauta yeniyeni yolowetsa SIM khadi, poti kuno kwathu kulibe waya wa intaneti wofika pakhomo.

Nyumba ndi ya zipinda zitatu, njerwa zootcha, yamalata. Ka MiFi kamakhala pa shelefu ya TV. Pabalaza kamagwira bwino, koma kuchipinda kwa mwana wanga wamkazi amene akukonzekera MSCE, vidiyo ya masamu imangozungulira osayamba. Kuseri kuli boyizi kota komwe amakhala mlamu wanga, mamita ngati 15 kuchokera pakhomo la kukhitchini. Usiku amakhala pa sitepe ya khitchiniyo ndi laputopu pamwendo, udzudzu ukumudya, kuti atumize ntchito za kusukulu. Zimandimvetsa chisoni. Tonse pamodzi tili ndi mafoni asanu, malaputopu awiri ndi TV.

M'tauni andionetsa ziwiri. Ina pa katoni palembedwa 300, ina 1200 ndipo ili ndi tinyanga tinayi, mtengo wakenso wokwererapo ndithu. Wogulitsa akuti ya 1200 ibowola makoma onse mpaka kuseri. N'zoona zimenezi? Nanga magetsi akazima ndizitani?

Wamawaya_Kawale

Anachisale, musagule kaye. Choyamba bwererani mukaitembenuze ya tinyanga tinayiyo muone ngati ili ndi polowetsa SIM. Zambiri zooneka choncho zilibe. Zili ndi pobayira waya polembedwa WAN basi, ndiye zimadikira intaneti kuchokera ku chipangizo china. Ndaitanidwapo kangapo ndi anthu amene anafika nayo kunyumba n'kumasowa poika khadi.

Chachiwiri, intaneti yanu imayenda maulendo awiri: kuchoka pa nsanja ya netiweki kufika pa rauta, kenako kuchoka pa rauta kufika pa foni. Nambala ya pa katoni ikukamba za ulendo wachiwiri wokha. Ngati kuchokera pa nsanja mukulandira liwiro la 8 Mbps madzulo, rauta ya 1200 igawa 8 yomweyo. Ndipo 1200 ameneyu anachita kuphatikiza liwiro la njira ziwiri za Wi-Fi n'kukwezako pang'ono: 300 wa 2.4 GHz ndi 867 wa 5 GHz. Tsono 5 GHz ndi yothamanga mukakhala pafupi, koma ndi imene imafooka msanga ikakumana ndi khoma. Imene imadutsako makoma ndi 2.4 GHz, yomwe ilinso mu ya 300 ija. Za kubowola makoma zija musazitengere.

Chitani izi sabata ino, sizifuna ndalama zambiri. Tengani SIM ya Airtel ndi ya TNM, muike mu foni imodzimodzi mosinthana, muzungulire nyumba yonse mukuyesa liwiro pa windo lililonse. Muyese cha m'ma 7 mpaka 9 koloko usiku, anthu onse akakhala pa intaneti, osati m'mawa. Pamene pagwire bwino, rauta ikakhale pomwepo, m'mwamba, poonekera. Kuseri kwa TV, m'kabati kapena pafupi ndi firiji ndi malo oipa.

Mwa zimene ndaikapo m'nyumba za anthu, TP-Link TL-MR6400 ndi Huawei B315 zili ndi 2.4 GHz yokha. Archer MR600 ndi Huawei B535 zili ndi zonse ziwiri, ndipo mbali ya 4G zimakoka bwinoko. Kwa banja lanu ndikadasankha ya zonse ziwiri, kuti TV ndi mafoni a pabalaza akhale pa 5 GHz, 2.4 GHz isiyiridwe mwana kuchipinda. Onaninso kuti ili ndi pomangira mlongoti wapanja, mwina tsiku lina mudzaufuna.

Za boyizi kota ndikuuzeni chilungamo: khoma lanu, bwalo, kenako khoma lake, palibe rauta ya m'nyumba imene ingakwanitse bwinobwino. Gulani waya wa intaneti wa Cat6, muulowetse mu paipi ya pulasitiki ya amagetsi ija, mukwirire pansi kapena muyendetse m'mbali mwa mpanda. Waya umenewu umapirira mpaka mamita 100, ndiye wanuwo ndi ulendo waufupi. Kumapeto kwake muike rauta yotchipa, ngakhale yakale, muisinthe ikhale access point, kutanthauza kuti izingogawa Wi-Fi kuchokera pa wayayo. Alamu anu azilemba ali m'nyumba mwawo. Tija tongobaya pa soketi totchedwa repeater sindimatikonda, timalandira ndi kutumiza pa njira imodzi, liwiro n'kutsika pafupifupi ndi theka.

Gama wa ku Zomba

Ine ndiyankhe za magetsi. Ma rauta amenewa sadya moto wambiri, ambiri amayendera 12V ndipo safika pa mawatsi 12. Pali tima UPS tating'ono ta rauta, kukula ngati buku la nyimbo la kutchalitchi, timakhala pakati pa soketi ndi rauta. Magetsi akathima rauta sizima n'komwe. Kanga kamandisunga maola angapo, ntchito ya masana ndimamaliza. Koma werengani kaye zolembedwa pa adaputala ya rauta yanu, chifukwa ena ndi a 9V, ndipo mukawapatsa 12V mwawotcha. Ngati muli ndi batire ya sola pakhomo, wamagetsi akhoza kukulumikizirani.

Pa waya wopita kuseri uja ndikugwirizana ndi a Wamawaya, koma ndionjezere kuti nthawi ya dzinja kukayamba ziphaliwali muziuzula mbali zonse ziwiri. Ine chaka chatha mphenzi inagwa pafupi, ma rauta awiri onse anapsa pobayira waya. Ndipo ka MiFi kofufumako kachotseni batire lero lomwe, musakatchajenso, kangayatse nyumba.

Make Tadala

Achemwali, zimene abambowa anena n'zabwino, koma ine chinandipweteka si rauta, ndi bandulo. Titangoika yathu, bandulo ya mwezi inatha masiku osakwana khumi. Foni ikaona Wi-Fi imayesa ndi yaulere: imayamba kukonzanso ma app, kukweza zithunzi zonse, laputopu nayonso kukoka za Windows. TV ndiye mbala yaikulu, filimu ya HD pa Netflix imatha kudya mpaka 3 GB pa ola limodzi. Tinakhala pansi ndi mwana wanga wamkulu, foni iliyonse tinaiuza kuti Wi-Fi iyi ndi yolipira, YouTube tinaitsitsa pa 480p. Masamu a pa bolodi amaoneka bwinobwino pamenepo.

Chinanso, tsiku lina ndikuchokera kumsika ndinapeza anyamata anayi atatsamira mpanda wathu, aliyense maso pa foni. Mwana wanga wamng'ono anali atapatsa mnzake mmodzi pasiwedi, mnzakeyo n'kugawira ena. Mukangogula, lowani mkati mwa rauta, za Huawei zambiri mumalemba 192.168.8.1 pa browser, musinthe pasiwedi ziwiri: ya Wi-Fi ndi yolowera mu rautamo. Pa chitetezo cha Wi-Fi sankhani WPA2 kapena WPA3 ngati ilipo, WPS, njira yolumikizira popanda kulemba pasiwedi, muzimitse. Momwemo mumaonanso mndandanda wa mafoni amene alumikizidwa. Ine ndimayang'ana Lamlungu lililonse tikachoka kutchalitchi.

Mbewe_Joni

Mwina wina akuuzani kuti muitanitse kwa achibale kuno ku Johannesburg poti n'zotchipa. Chenjerani, zambiri zimene anthu amagulitsa zitagwirapo ntchito zinabwera ndi kontirakiti ndipo n'zokhoma, zimakana SIM ya kampani ina. Ndinatumizira mlongo wanga yotero, mpaka lero ili m'katoni. Ngakhale kumudziko, uzani wogulitsa aike SIM zanu zonse ziwiri muone ndi maso zikugwira musanapereke ndalama.

Nachisale_25

Zikomo kwambiri nonse, mwanditsegula m'maso. Batire ndachotsa, a Gama. Dzulo ndinabwerera ku shopu kuja, ndipo a Wamawaya munanena zoona, ya tinyanga tinayi ija ilibe polowetsa SIM. Usiku tinazungulira nyumba ndi mwana wanga, iye atagwira kope akulemba. Pa shelefu ya TV foni imaonetsa timizere tiwiri, koma pa windo la m'kholido loyang'ana kumsewu tinayi tonse, ndipo vidiyo yake ija inayamba nthawi yomweyo. Windo limenelo lili pafupi ndi chitseko cha chipinda chake. Zaka ziwiri zonsezi ka MiFi kamangokhala pamalo olakwika.

Mwezi uno ndigula rauta ya zonse ziwiri ndi ka UPS, waya ndi paipi mwezi wamawa. Mlamu wanga wati ngalande akumba yekha Loweruka. A Wamawaya, kuchokera pa windolo kudutsa kukhitchini mpaka kwake ndayeza ndi chingwe, ndi mamita 28. Ndigule waya wodula kale wokhala ndi mitu yake, kapena wamawaya adzaike mitu atauyendetsa kale mu paipi?