Market cap ya CEC chaka ndi chaka, ndikuphonya pati?

mnyamata_wapaChipata:
Akuluakulu thandizeni. Ndili ndi timasheya tanga ta CEC, Copperbelt Energy Corporation ija ya ku Kitwe yogulitsa magetsi ku migodi. Loweruka ndinati ndikhale pansi ndipange tebulo pa Excel ndione market cap yake (mtengo wa masheya ake onse pamodzi) kuyambira 2008 pomwe inalowa pa msika wa masheya wa Lusaka (LuSE) mpaka lero, koma gilafu yomwe yatuluka eee, 2012 ili kumwamba kenako 2013 yagwera m'chitsime ngati kampani inapsa usiku umodzi. Ine ndangotenga mtengo wa sheya wa kumapeto kwa December chaka chilichonse n'kuchulukitsa ndi masheya onse omwe alipo panopa. Vuto ndi ineyo kapena manambala?

NaPhiri_akawunti:
Kkkk achimwene kampani siinapse ayi, ndi ma zero. Mwaiwala kuti pa 1 January 2013 Zambia inadula ma zero atatu pa kwacha? K1,000 yakale inasanduka K1. Ndiye mitengo yonse ya 2008 mpaka 2012 ngati mwaikopera mu malipoti akale igaweni ndi 1,000 kaye, chitsime chanucho chikwiririka.

Koma pali china chachikulu chomwe mwalakwitsa ndipo ichi sichioneka ndi maso pa gilafu. Masheya a lero si omwe analipo 2010. CEC inali ndi masheya 1 biliyoni, mu 2014 inapanga rights issue, aliyense wokhala ndi 8 amaloledwa kugula ena 5 atsopano, ndiye anafika pafupifupi 1.625 biliyoni. Inu mukachulukitsa mtengo wa 2010 ndi 1.625 biliyoni mukuinenepetsa kampaniyo ndi masheya omwe anali asanabadwe. Onjezani kolamu ina, chaka chilichonse chikhale ndi nambala yake ya masheya, imalembedwa mu annual report, pitani ku masamba a kumbuyo kuja komwe anthu sawerenga.

Gogo_wamaSheya:
Zoona zimene anena mayiwa. Ine ndiwonjezere za dola, chifukwa apa ndi pomwe anthu amadzinamiza okha. CEC imalemba mabuku ake mu madola, migodi imalipira motengera dola, koma sheya pa LuSE imagulidwa mu kwacha. 2014 dola inali cha m'ma K6, pofika kumapeto kwa 2020 inadutsa K20, ndiye ukhoza kuona market cap ya kwacha ikukwera iwe n'kumamwetulira pomwe mu madola yangoima kapena yatsika kumene. Pangani mizere iwiri, wa kwacha ndi wa dola, pomwe ikusiyana kwambiri ndi pomwe pali nkhani.

Ndipo pambali pa chaka chilichonse muzilemba chomwe chinachitika, apo ayi pakatha zaka zisanu muzidzangoyang'ana mzere osadziwa unapindikira chani. Ngati 2020, chaka chimene chija ena tinkagona ndi diso limodzi, mgwirizano wogula magetsi kwa ZESCO, kampani ya boma ya magetsi, unatha mu March, kampani ya migodi ya KCM (Konkola Copper Mines) inali ndi ngongole yayikulu ya magetsi kwa CEC, boma n'kulengeza kuti mawaya a CEC ndi common carrier (kutanthauza kuti ena akhoza kudutsitsamo magetsi awo), khothi linadzakana zimenezo 2021. Pano nkhani ndi sola, ma pulanti a CEC a Riverside ndi Itimpi ija ya 60MW ya 2024. Manambala okha sakuuzani zonsezi.

Chimwemwe_BT:
Ine ndikungowerenga kuno ku Blantyre nsanje ikundipweteka. Ife ESCOM ndi EGENCO n'za boma, pa Malawi Stock Exchange palibe, ndiye market cap yake uyitenga kuti? Funso langa, kodi market cap ikakula ndiye kuti kampani ili bwino?

Gogo_wamaSheya:
Osati nthawi zonse mwana wanga. Market cap siwerengera ngongole, ndipo makampani a magetsi amakhala atasenza ngongole zolemera chifukwa cha ma pulanti ndi mawaya. Taonani EDF, kampani ya magetsi ya ku France, inalowa pa msika 2005 sheya ili cha m'ma €32, mu 2007 inadutsa €80, boma pomadzagula masheya otsala linapereka €12 ndipo 2023 inachoka pa msika. Magetsi inkapangabe tsiku ndi tsiku, koma amene anagula 2007 mukawafunse. Ndiye pakati apo inatulutsanso masheya atsopano kangapo, vuto lomwe lija la achimwene a ku Chipata.

mnyamata_wapaChipata:
Ndakonza ma zero ndi kolamu ya masheya, chitsime chatha, zikomo amayi NaPhiri. Ya dola ndiyamba mawa bandulo yandithera. Koma rate ya dola nditenge ya tsiku lomaliza la chaka kapena ya avereji ya chaka chonse?

NaPhiri_akawunti:
Ya tsiku lomwelo munatenga mtengo wa sheya. Bank of Zambia ili nazo pa webusayiti yawo.